Fungo la pa 9 Julaye

Anakumana Lachisanu, pa 5 Malichi 2021, pa siteji ya basi ku Al Garhoud, kudziko la Aluya. Lennah, amene ankalera mwana m'banja lina ku Festival City, ankayankhula pa foni m'Chichewa. Atadula, mlonda wa pahotela amene anaima pambali pake anatsitsa masiki pang'ono.

"Achemwali, maso amenewo ndi a ku Dedza kapena a kumwamba?"

"Kwezani masiki, achimwene, apolisi angakugwireni."

Dzina lake anali Rodrick. Pofika Meyi, "achemwali" anali atasanduka "habibi wanga", wokondedwa m'chinenero cha kumeneko.

Mu Juni madamu anauza Lennah kuti banja lonse likupita kutchuthi ku Symi, kachilumba ka ku Girisi, ndipo iye apita nawo. Viza inatuluka pa 28 Juni. Ndege inali ya pa 15 Julaye. Chinatsala chimodzi chokha: kuyezetsa korona n'kupezeka kuti alibe.

Lennah anali atatha zaka zitatu akuyang'ana makoma a eni ake. Tsopano mwana akagona masana, iye ankayang'ana zithunzi: nyumba zachikasu zosanjikizana paphiri, madzi oonekera mpaka pansi, boti lochokera ku Rhodes. Ndani kwawo anapondako kumeneko?

Rodrick sanakondwere. Analemba kuti: "Usapite ndi anthu amenewo, mtima wanga. Ku Symi ndidzakutengera ndekha, mphete ili pachala."

"Liti?"

"Inshallah, Mulungu akalola."

Lachisanu, pa 9 Julaye, Rodrick anaumirira kuti aonane. Lennah akutuluka, mwana anamusanzira mkaka paphewa. Nthawi yosintha bulauzi inalibe. Anangopukuta ndi kansalu n'kuthamangira basi. M'basimo mayi wina anakwinya nkhope n'kusamukira mpando wina.

M'mbali mwa mtsinje wa Creek, Rodrick anavula masiki, kumukumbatira, n'kukwirira mphuno paphewa lomwelo.

"Mmm! Ukununkhira ngati maluwa a m'hotela mwathu! Perefyumu yanji imeneyi?"

Lennah anaseka. Anaganiza kuti chikondi chimatero. Anamulola kumupsompsona.

Banja lonse linayezetsa pa 13. Zotsatira zinabwera pa 14. Bwana analibe, madamu analibe, mwana analibe. Lennah anali nayo.

Madamu sanakalipe. Anaima patali, mwana ali m'manja.

"Khalas, zatha, Lennah. Utsala. Chakudya chili m'firiji."

M'mawa wa pa 15, ali m'kachipinda kake kuseri kwa khitchini, anamva matayala a masutikesi akupita kuchitseko. Yake inali pansi pa bedi, yolongedza kale, chipewa chatsopano chili pamwamba.

Foni inalira: Rodrick anali atayankha uthenga wake. "Usalire, bebi, nanenso ndili nayo. Tikudwala limodzi ngati banja!" Pansi pake Rodrick anaika chithunzi cha zotsatira zake.

Lennah anachikulitsa ndi zala ziwiri. Anawerenga tsiku lake kawiri. Linali 7 Julaye.

Anamuimbira.

"Pa 9 paja unkadziwa?"

"Habibi, ndinazemba m'chipinda chimene kampani inanditsekera kuti ndikuone iweyo! Mwamuna wina angachite zimenezo?"

"Ndafunsa kuti unkadziwa?"

"Atsikana akafika ku Ulaya sabwerera, Lennah. Ukanakumana ndi Mgiriki wa boti, ine n'kukhala ndani? Ndikanatani?"

"Ndiye unandipatsira dala."

"Usanene choncho. Chinali chikondi!"

"Ndanyamula mwana wa miyezi isanu ndi inayi masiku asanu. Ndimamudyetsa ndi manja awa."

"Koma sanadwale, eti? Ndiye vuto lili pati? Tikachira, ku Symi ndidzakutengera ine, ndikulumbira..."

Lennah anakumbukira mphuno ija ikufwenthera paphewa pake, milomo yotentha ija, mawu okoma akutuluka pakhosi la munthu wodziwa chimene wanyamula. Ndi mawu angati mwa onse aja, kuyambira Malichi, amene anali ngati maluwa amenewo?

"A Rodrick," anatero mosakweza mawu.

"Aa, ndasandukanso 'a Rodrick'?"

"Tsiku lija ndinkanunkha masanzi a mwana. Basi yonse inamva. Inu nokha ndi amene munati maluwa, poti korona inali itakutsekani kale mphuno."

Anadula, n'kutseka nambalayo. Kenako anapita kubafa, natsuka mkamwa katatu, ngakhale kuti mankhwala otsukira mano sankawamva kukoma kulikonse.