Eloy Anati Akamudikire Kumapiri

Yesenia anakumana ndi Eloy Baca pamalo odikirira basi ku Albuquerque, mvula ikuwaza. Mtsikanayu anali wotopa: m'mawa ku koleji ya zauphunzitsi, akaweruka kukatsuka mbale kulesitilanti.

"Manja okongola chonchi azithera m'sopo?" anatero Eloy akumufunditsa jekete lake. "Ayi ndithu, ine ndakana!"

Chikondi chinayambira pomwepo.

Litabwera lamulo loti ophunzira uphunzitsi azilipidwa pamene akuphunzira ntchito m'kalasi, Yesenia analira ndi chimwemwe. Mbale basi! Koma panali kamodzi: ukamaliza, uyenera kuphunzitsa m'dera lomwelo zaka zitatu.

"Sankha kwathu kumapiri ku Mora, duwa langa," anamunyengerera Eloy. "Bambo anandisiyira malo kumeneko. Iwe tsogola, ine ndimalize ntchito kuno. Chisanu chisanayambe ndifika ndi mphete."

Yesenia anasaina.

Kumapiri kunali zii. Masana ankaphunzira ntchito kwa Mayi Trujillo, mphunzitsi wakalekale pasukulupo. Akaweruka ankadya yekha m'kachipinda kozizira, foni ili pambali pa mbale.

"Ndakusowa, mtima wanga. Pirira pang'ono," unkatero uthenga wa Eloy.

Kenako unangokhala wakuti, "Ndatanganidwa." Kenako unasiyiratu. Chisanu chinafika, Eloy osaoneka. Kodi wadwala? Kodi foni yatayika?

Tsiku lina ana ali kunja, Yesenia anafunsa, "Mayi, malo a banja la a Baca ali mbali iti? Ndikaoneko pomwe ine ndi Eloy tidzamange."

Mayi Trujillo anamuyang'ana mwachisoni. "Mwana wanga, malo amenewo Eloy anagulitsa bambo ake atangomwalira. Kuno sapondako."

Yesenia anaimbira Eloy foni. Anayankha ndi mkazi.

"Eloy akuyesa suti kaye, ukwati wathu ndi Loweruka. Ndinu a maluwa?"

Kunamveka phokoso, kenako mawu a Eloy. "Yesenia, undimvetse. Ndimaopa kukuuza."

"Ndiye unaona kuti ndi bwino ukanditaye kumapiri?"

"Zaka zitatu si zambiri, duwa la..."

"Usanditchulenso choncho!"

Anadula foni. Belu linalira, ana n'kuyamba kuthamangira kukalasi.

Mayi Trujillo anamugwira paphewa. "Pita kunyumba ukapume. Lero ndiphunzitsa ndekha."

Yesenia anapukuta misozi ndi mkono wa juzi, n'kukatsegulira ana chitseko.

"Kunyumba kwake kuti, Mayi?"