Injini ya kumanzere

Madzulo amenewo ndinali kusita mayunifolomu a ana m'chipinda chochezera. Amuna anga anatenga makiyi a boti pamsomali nati akukayesa injini yatsopano.

"Ndikungozungulira pang'ono," anatero. "Tiyiyo musamwe nokha."

Botilo poyamba silinali lathu tokha. Amuna anga anagula ndi akulu awo, alamu anga. Linali boti lakale lokhala ndi kachipinda kogona, loti mabanja awiri n'kumakapuma nalo panyanja Loweruka. Linali ndi injini ziwiri. Ya kumanja ankaisamalira amuna anga, ya kumanzere alamu. Ya kumanzereyo inkayamba yatsokomola kaye isanalire, ndipo poti alamu fodya sankachoka pakamwa, tinkaseka kuti injini yatengera mwini wake.

Alamu atamwalira ndi matenda a m'chifuwa, ine ndinayamba nyimbo yanga. Injini ziwiri n'zachiyani? Zonse zakalamba, zikungomwa dizilo ngati zili paukwati. Makaniko wa padoko sanakondere mbali. Anati injini imodzi yabwino, yoikidwa pakati, imamwa mafuta ochepa, kukonza n'kumodzi, ndipo malo m'boti amachuluka.

"Koma ziwiri, mayi, ina ikafa pakati pa madzi, inzake imakufikitsani kumtunda. Sankhani nokha."

Ine ndinangotolapo mawu oyambawo, enawo ndinawasiya pomwepo padoko.

Nkhani yeniyeni sinali mafuta. Mkazi wa alamu, amene ana athu amawatchula kuti mayi aakulu, ankabwerabe Loweruka lililonse ndi ana awo, n'kukhala pampando wa kumanzere pomwe ankakhala amuna awo. Injini ya malemu ikanakhala m'botimo, botilo likanakhalabe lawonso. Ine ndinkafuna likhale lathu. Zimenezi sindinazitulutse pakamwa, ndinkangokamba za dizilo mpaka amuna anga anatopa n'kuvomera.

Anazichotsa zonse ziwiri. Ya kumanja makaniko anaiphwasula. Ya kumanzere amuna anga anakana kuitaya. Anabwera nayo kunyumba, n'kuikhazika pamatabwa m'galaja, n'kuifunditsa lona. Mayi aakulu tinawauza kuti boti likukonzedwa, likatha tidzawadziwitsa. Anaimba foni kangapo kufunsa, kenako analeka.

Tsiku loyesa injini lija dzuwa litangolowa, mphepo inasintha. Makatani anayamba kuuluka, chitseko cha kubafa chikumenyetseka. Ndinaimba foni ya amuna anga. Inalira osayankhidwa. Nditaimbanso, sinkapezeka n'komwe.

Ana anadya n'kukagona. Tiyi anazizira m'makapu. Ndinaimbira mlonda wa padoko.

"Sanabwere, mayi. Mafunde ake lero si abwino. Palibe angatuluke kukawafuna mpaka kuche."

Ndinakhala pansi, foni ili m'manja. Mawu aja ndinawasiya padoko anandipeza m'nyumba mwanga momwe. Ina ikafa, inzake imakufikitsani. Amuna anga anali pakati pa madzi, mumdima, ndi injini imodzi. Amene anasankha zimenezo ndinali ine.

Ndipamene ndinamva munthu akutsokomola.

Ndinayesa ndi aneba. Koma aneba athu ndi anthu ogona msanga, ndipo chifuwacho chinkamvekera mbali ya kugalaja. Chinatsokomolanso, chouma, chochokera pansi penipeni. Kenako kunayamba kulira. Gu, gu, gu, gu. Makapu m'kabati anayamba kugundana. Pansi pankanjenjemera kumapazi kwanga.

Ndinatenga tochi ndi kiyi. Loko wa galaja anali wokhoma monga ndinamusiyira. Nditangokankha chitseko, phokoso lija linati zii.

M'katimo munali utsi. Fungo la dizilo linali lamphamvu, koma pansi pake panali fungo lina limene ndinalidziwa msanga. Fodya. Kunyumba kwathu palibe amasuta.

Ndinawalitsa tochi palona. Linali pomwepo, fumbi lake lili mbuu. Ndinatukula nsonga imodzi n'kugwira chitsulo. Ndinachotsa dzanja msangamsanga, chinali moto. Injiniyo inalibe thanki, inalibe batire, mapaipi ake anali omangidwa ndi mapulasitiki kukamwa. Pansi pa matabwa panali madzi, ndipo ena ankadonthabe.

"Alamu?" Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana.

Ndinatuluka chafutambuyo n'kutseka chitseko. Ndisanakhome n'komwe loko, inatsokomola n'kuyambanso.

Bwenzi nditathawa, kapena kudzutsa aneba. Koma m'mutu mwanga munabwera ganizo limodzi lokha. Ngati injiniyi ikugwira ntchito, ndiye kuti ikukankha chinachake. Ndinakhala pasitepe ya galaja, msana nditatsamira chitseko, kunjenjemera kwake kukundilowa m'mafupa. Mantha ndinali nawo, inde. Koma chimene ndinkaopa kwambiri n'choti ingazime.

Pakati pa usiku inayamba kudukizadukiza, ngati yatsamwa.

"Musazime, alamu, ndapota nanu," ndinanong'ona. "Iwo alibe mlandu. Ndine ndinakakamira."

Inatsokomola nthawi yaitali, kenako inagwiranso bwino. Ndinalira mpaka kolala ya diresi inanyowa.

Inadzazima kukuyera. Sinadukize ayi, inangotsika pang'onopang'ono monga amachitira munthu akafika padoko. Posakhalitsa foni yanga inalira. Anali mayi aakulu.

"Bwerani mudzatenge amuna anu," anatero. "Mutenge zovala zouma."

Mayi aakulu amakhala kutali ndi doko, mbali ina ya gombe, m'nyumba yoyandikana ndi madzi. Kuyambira pamene tinachotsa injini zija ndinali ndisanapondeko. Ndinapeza boti lathu litakhazikika pamchenga kumunsi kwa nyumbayo, lowongoka bwinobwino ngati waliimika ndi munthu wodziwa. Amuna anga anali kukhitchini, atavala juzi ya malemu akulu awo, kapu ili m'manja.

Anafotokoza maso ali pansi. Chingwe china choyandama chinakulunga pulopela yopalasa madzi, injini yatsopano ija n'kuzima. Anayesa zonse, osatheka. Mafunde anayamba kulowa m'boti, foni inanyowa. Ndiye anamva kutsokomola pansi pa mapazi awo, kumanzere, pamalo pomwe tsopano timasungapo mabokosi a zakumwa.

"Boti linayamba kuyenda," anatero. "Linkakokera kumanja, monga limachitira ikamakankha ya kumanzere yokha. Ndinapotoza chiwongolero kuti ndiloze kudoko. Chinakana. Magetsi a padoko ndinawaona akudutsa, ine ndikupitirira."

"Pampando paja panali munthu?" ndinafunsa.

"Sindinayang'aneko. Usiku wonse ndimayang'ana kutsogolo."

Mayi aakulu anali chilili pasinki, akutsuka kapu yoyera kale.

"Ine ndinaimva ikubwera," anatero osatembenuka. "Zaka zonse zija, ndingaiwale kulira kwake? Ndinadzuka, ndinaika madzi pamoto, ndinatsegula chitseko. Ndinakumbukira ndili kale pakhonde kuti amene ndikuwatsegulirawo tinawaika m'manda."

Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine, osati amuna anga.

"Kani boti linatha kukonzedwa?"

Manyazi amene ndinamva m'mawa umenewo sindinawamvepo chibadwire.

Nkhani inafala, monga mudziwa anthu. Aneba ena akuti usiku umenewo anamva jenereta basi, ngakhale magetsi sanazime ndipo mumsewu mwathu mulibe jenereta. Makaniko akuti mphepo ikamachokera mbali imeneyo, chilichonse choyandama chimakathera kugombe la mayi aakulu. Koma atabwera kugalaja n'kuyesa kuzunguza injini ija ndi sipanala, inakana. Anati m'kati mwake munachita dzimbiri kalekale. Anapukuta manja n'kupita osamwa tiyi.

Azimayi a pamzere wathu amanong'onezana ziwiri. Ena amati malemu anapulumutsa mng'ono wawo. Ena amati kupulumutsa kokha akanakamusiya padoko, koma anachita kumunyamula n'kukamutula pakhomo pomwe mng'onoyo ankapazemba. Ine ndikamva sinditsutsa aliyense.

Loweruka lotsatira tinakawatenga mayi aakulu ndi ana awo. Ine ndi amene ndinagogoda. Padoko mayi aakulu anakwera n'kukhala pampando wa kumanzere. Makaniko anali pomwepo akumasula chingwe, ndipo anafunsa amuna anga ngati tsopano aganiza zobwerera ku injini ziwiri. Amuna anga anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana madzi.

Anayankha ndi mayi aakulu, dzanja lawo lili pathabwa la pansi pambali pa mpando wawo.

"Musavutike, bambo. Zilimo kale ziwiri."