Mitanda Yoyera pa Bwalo la Arlen

Woyamba kuiona mizere itatu ija anali Gaylord Bitz, mlimi wa tirigu wochita malire ndi kabwalo ka ndege ka malemu Arlen Tollefson. Inali m'mame a m'mawa, iwiri m'mbali ndi umodzi wopyapyala pakati, monga amasiyira matayala a ndege ikatera pa udzu. Koma Arlen anali atatha miyezi khumi ndi umodzi m'manda, ndipo ndege yake yopopera mankhwala m'minda inapsa naye limodzi tsiku limene inakola mawaya a magetsi.

Kuno ku North Dakota, m'dziko la America, lamulo la dera lathu silidziwa maliro. Bwalo la munthu likatha chaka chathunthu osaterapo ndege, chilolezo chake chimafa, ndipo china sapereka chifukwa nyumba za anthu zinayandikira kale. La Arlen linali litatsala ndi milungu inayi.

Gaylord, amene pakamwa pake palibe chitseko, anaifikitsa nkhaniyo komwera khofi dzuwa lisanakwere. Ambiri anati mkazi wamasiye wa Arlen, Mayi Marlys, akukoka matayala usiku kuti bwalo la mwamuna wawo lisafe. Ena, motsitsa mawu, anati amamva injini, ndipo imatsokomola kawiri isanazime, ndendende ngati ya Arlen.

Nkhaniyo inamugwera Duane Kessel, woyendera malo ndi kulemba malipoti a zilolezo, munthu wokhulupirira pepala kuposa mbale wake. Usiku woyamba anaimika galimoto kumpanda wa bwalolo. Anangomva nkhululu ndi mphepo ikukwekwesa ziputu za tirigu, koma kutacha mizere inalipo, popanda phazi la munthu pambali pake. Usiku wachiwiri, cha m'ma 2 koloko, nkhululu zonse zinangoti zii nthawi imodzi. Kenako kunamveka kulira kwa injini kuchokera kumpoto, chapansipansi, kopanda nyali. Mphepo yofunda inadutsa, galimoto inagwedera pang'ono, ndipo kumapeto kwa bwalo china chake chinatsokomola kawiri. Duane anachita mantha, ndipo sanatsike mpaka mbandakucha.

Usiku wachitatu anapita kwa Mayi Marlys. Anawapeza ali maso, atakhala pakhonde mumdima.

“Mwamva nokha, eti?” ananong'ona mayiwo. “Ndiye mulemba chiyani?”

“Ndikalemba kuti ndege ikutera, bwalo lanu lapulumuka, Mayi,” anayankha Duane. “Si zomwe mukufuna?”

“Amenewo ndi maganizo a Gaylord, mutu wake uja wodzaza mankhusu. Ine lembani kuti sikunatere kanthu. Litsekedwe.”

“Bwalo limene amuna anu anasalaza ndi manja awo?”

“Duane, usiku uliwonse amatera. Injini ikazima, ine ndimayang'ana chitseko, kudikira kuti alowe, avule nsapato, afunse chakudya. Salowa. Ndatopa kudikira munthu amene ndinamuika ndekha m'manda. Mwina bwalo likafa apita kokapuma, nanenso ndigoneko.”

Duane analemba kuti sanaone ndege iliyonse. Silinali bodza kwenikweni, poti ndi maso sanaionedi. Chaka chitakwana, akomiti yoona za zilolezo anavomereza lipotilo asanamalize n'komwe kumwa khofi wawo. Monga amachitira pa bwalo lililonse lotsekedwa, anthu aboma anabwera ndi matabwa opaka penti yoyera, n'kuwagoneka mopingasa, mtanda waukulu mbali ino, wina mbali inayo, kuti wa m'mwamba aone kuti pano sipaterekanso.

Usiku womwewo foni ya Duane inalira.

“Mvetserani,” anatero Mayi Marlys, ndipo anaitulutsira foniyo pawindo.

Injini inali kutsika bwinobwino monga mwa masiku onse. Itatsala pang'ono kukhudza pansi, inabangula, n'kukweranso. Inazungulira, inatsikanso, inakweranso.

“Aka n'kachisanu ndi chiwiri,” anatero mayiwo. “Wayiona mitanda ija. Arlen sangatere pa mtanda, ngakhale mafuta atamuthera. Duane, ine ndimati apita kokapuma. Nanga ngati kopuma kwake kunali kuno?”

Duane anathamangira kumeneko, ndipo anawapeza mayiwo pakati pa bwalo, opanda nsapato, akulimbana ndi thabwa lolemera kuposa iwo. Duane, munthu amene sanaphwanyepo lamulo la dera chiyambireni ntchito, anagwira mbali inayo ya thabwalo. Anakoka onse awiri, akupunthwa mumdima, phokoso likuwadutsa pamutu. Pomwe ankachotsa thabwa lomaliza, injini ija inali itatembenuka kale. Inalowera kumpoto, ikuchepa pang'onopang'ono, mpaka nkhululu zinayambanso kulira.

Anaima pamenepo mpaka kucha. Mame anagwa bwalo lonse, osalala, opanda mzere ndi umodzi womwe.

Papita zaka ziwiri tsopano, ndipo anthu akuti usiku wa kumeneko ndi wabata. Duane anapita kukomiti katatu kukapempha kuti chilolezo chibwezeretsedwe, ndipo katatu konse anamuwerengera lipoti lake lomwe. Mayi Marlys amatchetchabe udzu wa bwalolo Loweruka lililonse, ndipo tulo timene ankafuna tija sanatipeze.