Achimwene Ipyana

Modesta anakumana ndi Brighton pa siteji ya pa Uliwa, Loweruka lina dzuwa likuswa mtengo. Mtsikanayu anali wa ku Ntcheu, ndipo boma linali litangomutumiza kudzaphunzitsa masamu pa sekondale ina ku Hara. Tsikulo ananyamula laputopu yake kukakonzetsa ku Boma la Karonga chifukwa inkangozima yokha.

Minibasi inachedwa. Mnyamata wina wamtali, wa malaya ositidwa bwino, ankangoyang'ana chikwama chimene Modesta anafungatira.

"Monire, madamu. Mwainyamula ngati khanda, kodi ikudwala?"

"Ikudwala. Ndinu dokotala?"

"Wa makompyuta, inde. Ndine Brighton, shopu yanga ili ku Boma. Koma kunena zoona, wodwala pano ndine. Chikuonereni, mtima sukugunda bwino."

Modesta anafuna kukwiya, koma kuseka kunamutsogolera. Mu minibasi anakhala mpando umodzi. Ku shopu Brighton anatsegula laputopu ija, napezamo fumbi ndi mankhusu a mpunga. Malipiro anakana, anangopempha nambala. Pasanathe mwezi, "madamu" anali atasanduka "mami wanga".

Tsiku lina Modesta atapitanso ku shopu, Brighton anati, "Ndakuikira kanthu, mami."

Inali pulogalamu ya sitolo ina yogulitsa magemu pa intaneti, imene anyamata amangoti lancha. Ukaiika pa kompyuta, magemu umagulira momwemo, kutsegulira momwemo, ndipo anzako amaoneka pa mndandanda cha kumbali. Amene watsegula kompyuta, pa dzina lake pamayaka kadontho kobiriwira, ndipo pansi pake pamalembedwa gemu imene akusewera ndi amene akusewera naye.

"Ine za magemu ndilibe nazo nthawi," anatero Modesta. "Komanso zinthu ngati zimenezi sizidya bandulo?"

"Idya pang'ono chabe. Koma taganiza, sabata iliyonse amapereka gemu yaulere. Ndiye iwe ku Hara, ine kuno, kadontho kakayaka uzidziwa kuti munthu wako wakhala pansi akukudikira. Yayi, usakane."

Pang'ono chabe? Bodza limenelo! Lanchayo inkadya bandulo ngati mbuzi yolowa m'dimba. Inkatseguka yokha laputopu ikangoyaka, n'kuyamba kudzikonzakonza osapempha. Modesta ankaika foni pa zenera kuti netiweki igwire, n'kudikira theka la ola gemu isanatseguke. Magetsi akazima pakati, zonse zinkayambiranso poyamba.

Yunike, mphunzitsi mnzake wa konkuno ku Hara, sankabisa maganizo ake.

"Fufuta chinthu ichi, iwe. Laputopu ya mayeso ukuilemetsa ndi zidole? Ngati ukufuna gemu, anthu amakopera pa fulashi basi."

"Ya pa fulashi umasewera wekha," ankayankha Modesta. "Iyi ili ndi Brighton mkati."

Ndipo analidi mkati. Anali ndi gemu yawo yolima, yosewera anthu awiri. Akaweruka masana, Modesta ankathamangira kunyumba, choko chidakali m'manja, kukathirira munda wa pa kompyuta. Anamanga kanyumba ka denga lofiira, naweta nkhuku zisanu. Mauthenga ankagwa pakona ya sikirini ngati mvula.

"Mami wanga, kanyumba aka ndi koyeserera. Yeniyeni ndikumangira ya njerwa zootcha."

"Disembala ndipita ku Ntcheu kukaonekera kwa amalume ako. Lumbiro langa ndi limeneli."

Uthenga wachiwiriwo Modesta anaujambula, natumiza kwa mayi ake. Mayi ake anauza amalume, amalume anauza mudzi wonse. Mtsikanayo anali pa chikondi chenicheni, ndipo sankachita nacho manyazi.

Tsoka lake, lancha simabisa kanthu. Pa mndandanda wa anzake a Brighton panali mayina ambiri, koma awiri ndiwo ankabwera kawirikawiri. Loyamba linali Ipyana, wa chithunzi cha mpira, amene ankasewera naye gemu ya mpira maola awiri kapena atatu.

"Ipyana ndi ndani?" anafunsa Modesta tsiku lina.

"Tinakulira limodzi ku Kaporo. Pa mpira ndi katswiri, amandigoletsa ngati mwana."

"Uwapatse moni achimwene akowo. Uwauze azikubweza msanga."

Brighton anatumiza nkhope zoseka zitatu, n'kusintha nkhani. Modesta sanadandaule. Mwamuna ayenera kukhala ndi anzake, ankatero mumtima.

Dzina lachiwiri ndilo linamulanda mtendere. Febby. Chithunzi chake chinali cha mtsikana woyera, wa mpata m'mano, akumwetulira ngati dziko lonse ndi lake. Lachitatu lina lancha inalengeza poyera kuti Brighton wapatsa Febby gemu ngati mphatso. Mphatso? Iye amene ankathirira munda tsiku ndi tsiku ankapatsidwa zaulere, ndiye Febby n'kulandira yogula?

Modesta analembera Brighton nthawi yomweyo. "Febby ndi ndani?"

"Mlongo wanga wa bele limodzi, mami. Ali ku koleji ku Mzuzu. Linali tsiku lake lobadwa."

"Anyamata nonse mukagwidwa mumati mlongo wanga."

"Ndikupatse nambala umuimbire?"

"Kuti muyambe mwapangana zonena?"

Kuchokera tsiku limenelo Modesta anasiya kusewera, anasanduka mlonda. Ankatsegula lancha pa nthawi yopuma, nsanje ikumudya, n'kumangoyang'ana madontho awiri. Ka Brighton kakayaka, ka Febby n'kuyakanso, chakudya chinkamukanika. Kakayaka ka Febby kokha, ankatsegula chithunzi chija n'kuchikulitsa, kufunafuna chilema. Anapeza kuti mphuno ndi yofanana ndi ya Brighton, koma zimenezo anazikana. Mphuno zimafanana, ku Karonga kuno makamaka.

Akaona kuti "Brighton akusewera ndi Ipyana", m'pamene ankapuma. Ankati bola ali ndi mwamuna mnzake, Febby sakumupeza.

"Waonda," anatero Yunike m'chipinda cha aphunzitsi. "Kale unkadandaula za bandulo, tsopano ikudya iwe. Ndinakuuza, fufuta."

"Ndikafufuta ndidziwa bwanji zimene akuchita?"

"Nanga panopa ukudziwa?"

Funso limenelo linamubaya. Zoonadi, ankangoona madontho. Ankafunika munthu wodziwa Brighton kuyambira ali mwana, munthu amene angamuuze ngati Febby ndi mlongo kapena mbala. Ndipo munthuyo anali pomwepo pa mndandanda.

Lachisanu ataweruka, anaika foni pa zenera, natumiza pempho la ubwenzi kwa Ipyana. Linalandiridwa nthawi yomweyo. Modesta analemba, kufufuta, kulembanso, mpaka anatumiza.

"Achimwene, pepani kukusokonezani. Ndine Modesta, chibwenzi cha mnzanu Brighton. Tikukonzekera chinkhoswe Disembala. Inu mwakula naye, ndiye ndikupemphani ngati mlamu wanga, ndiuzeni zoona. Febby ndi mlongo wakedi?"

Pansi panaoneka kuti Ipyana akulemba. Kenako anasiya. Anayambanso, n'kusiyanso. Modesta anaganiza kuti mlamu akusowa poyambira kuulula za Febby.

Mwadzidzidzi laputopu inalira. Lanchayo inali ndi poimbirana mawu, ngakhale Modesta anali asanayesepo chifukwa choopa bandulo. Anadina poyankhira.

"Halo, achimwene?"

"Achimwene ake ndani?"

Anali mawu a mkazi, otsika, a Chichewa chokokera ku Chinkhonde. Modesta anayang'ananso dzina pa sikirini.

"Pepani, ndimafuna Ipyana. Kapena ndinu akazi awo?"

"Ipyana ndine."

"Koma Ipyana si..."

"Asisi, inu si a kuno, eti? Kwathu Ipyana ndi dzina la aliyense, mwamuna kapena mkazi. Ine ndine mkazi chibadwire."

"Mumasewera mpira?"

"Ndimamugoletsa tsiku lililonse. Febby ndi mlamu wanga, mlongo wake weniweni, pamenepo sanakunamizeni. Tsopano bwerezani zimene mwalemba zija. Mwati ndinu ndani wake?"

Modesta anagwira mutu. Miyezi yonse ija yolondera Febby wosalakwa! Maola onse aja amene ankapuma, akuthokoza kuti Brighton ali ndi mwamuna mnzake, ankathokozera mkazi ameneyu. Anafika mpaka pomupatsa moni.

"Ndine chibwenzi chake," anatero motsitsa. "Miyezi isanu ndi iwiri. Amalume anga akumudikira."

Kumbali inayo kunamveka mpweya wautali.

"Ine a kwawo anabweretsa kale ng'ombe za malowolo kwathu ku Kaporo, mwezi wa Juni. Zili m'khola mwa adada pano ndikulankhula. Dzina lanu ndimaliona pa mndandanda wake. Nditafunsa anati ndinu kasitomala, madamu a ku Hara amene laputopu yawo imavutavuta."

"Kasitomala?"

"Ndi mmene ananenera. Munda wa denga lofiira uja anati akukuphunzitsani kugwiritsa ntchito kompyuta." Mawu a Ipyana ananjenjemera. "Ine nditamupempha kuti tilime wathu, anati gemu yolima ndi ya ana."

Modesta anazindikira kuti mkazi winayo akulira, ndiponso kuti nayenso ankamuchitira nsanje. Anafuna kumuda, koma chidani sichinabwere. Chinabwera ndi chisoni, ndi manyazi akaganiza za mayi ake amene anali atayamba kale kusankha nsalu ya chinkhoswe.

Nthawi yomweyo kadontho ka Brighton kanayaka. Uthenga unagwa pakona.

"Mami wanga, wandisowetsa mtendere. Tiye kumunda, nkhuku zathu zili ndi njala."

"Wandilembera," anatero Modesta.

"Inenso," anatero Ipyana. "Akuti, ‘Mami wanga, tigwetse kamodzi ndisanatseke shopu.’ Musadule, asisi. Muno mumatheka kulowetsa munthu wachitatu."

Ipyana anamuimbira, laputopu inaitana kawiri, kenako mawu aja amene Modesta anawakonda kuyambira pa Uliwa analowa, osangalala, odzaza shuga.

"Mami wanga! Lero wandiimbira? Ndimangokuganiza, nadi."

Modesta anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, nakhala mowongoka ngati ali kutsogolo kwa kalasi.

"Brighton, tayang'ana pa sikirini. Tilipo awiri. Ukuitana uti?"

Kutali kunkamveka njinga zamoto zikudutsa kunja kwa shopu, ndi wailesi ya woyandikana naye.

"Halo?" anatero Brighton. "Halo? Netiweki yavuta, sindikumva bwino. Halo?"

Pakona ya lancha timizere ta netiweki yake tinali todzaza tonse.

"Ine ndikumva bwino," anatero Ipyana. "Inu asisi?"

"Ndikumva bwino kwambiri," anayankha Modesta.

Dzina la Brighton linachoka pa sikirini. Akazi awiriwo anatsala pa mzere, wina ku Kaporo, wina ku Hara, aliyense akumva mnzake akulira, ndipo panalibe amene anafuna kuyamba kudula.