Bambo Osapha Nkhuku

"Iwowa ayi, adikire panja."

"Ukunena bambo ako?" anafunsa namwino akuvala magolovesi.

"Eya, adikire panja," anabwereza Clemence, maso ali pansi.

Mwendo wake unang'ambika ndi lata pomwe ankadumpha mpanda kutsatira mpira, ndipo balalo linkafunika kusoka. Mayi ake anali kuntchito ku Lochinvar, choncho amene anamubereka mpaka kukiliniki anali bambo ake, a Yosiya.

Msewu wawo wonse ku Mufakose unkadziwa kuti a Yosiya satha kuona magazi. Anali chimunthu chonyamula matumba a simenti ngati mitsamiro, koma nkhuku ya pa Khirisimasi inkaphedwa ndi akazi awo, iwo atazemba kukaona mnzawo amene palibe ankamudziwa dzina. Tendekai, mnzake wa Clemence, ankaikonda nkhaniyi kwambiri, ndipo tsopano anali pabenchi kuseri kwa chitseko. Bambo akangogwa, mawa sukulu yonse imva.

A Yosiya anayang'ana singano, kenaka anayang'ana mwana wawo.

"Mayi, ndikhala pompano," anatero, nakoka mpando.

Anamugwira dzanja. Chikhatho chawo chinali chozizira, chonyowa ndi thukuta.

"Usayang'ane uko, yang'ana ine. Chilape!"

"Bambo, sindine mwana."

"Ndati chilape."

"Nachize," anayankha Clemence monyinyirika, jakisoni akulowa.

"Ndimameza anthu ku Mufakose, n'kukawalavula m'tauni."

Clemence anafinya nkhope. Ulusi unkakoka khungu, misozi ili pafupi. "Kombi," anatero, kutanthauza minibasi.

"Wakhoza. China: ndimabwera anthu atagona, ndimachoka akamadzuka."

"Mbava?"

"Magetsi," anatero namwino osadzutsa mutu, ndipo Clemence anaseka mosafuna.

Apo m'pamene anaona kuti bambo ake akhala mbali yoipa. Kuti amutchinge iye asaone bala, iwo ndiwo ankaliona lonse, ndi thonje lofiira m'mbale. Nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa, mawu akuchepa, koma zilape zinkangobwera, zina zopanda mutu n'komwe. Dzanja sanalisiye.

"Tamaliza," anatero namwino akumanga bandeji. "Mwana wanu ndi wolimba mtima."

"Zikomo, mayi," anatero a Yosiya. Anaimirira mwaulemu, natsegula chitseko, nayenda pang'ono, kenaka anagwa ngati thumba la simenti pamapazi pa Tendekai.

Anatsitsimuka namwino akuwakupiza ndi katoni. "Mwamaliza kumusoka?" Limenelo ndilo linali funso lawo loyamba.

Pobwerera, a Yosiya anatsogola pang'onopang'ono, manyazi atawagwira. Clemence ankatsimphina pambuyo atakolowekera dzanja paphewa la Tendekai, amene ankadziluma milomo kuti asaseke.

"Koma mdala wako, amwene! Anthu akamva mawa..."

"Ukawauze," anatero Clemence mokweza, kuti bambo ake amve. "Ukanene kuti anagwa. Ukanenenso kuti anadikira kaye mpaka nditasokedwa."

A Yosiya sanacheuke, koma mapewa awo anawongoka.

"Bambo anga sangagwe," anatero Tendekai. "Mbuzi amapha okha."

"Ndikudziwa. Nanga tsiku lija unkazulidwa dzino, ukulira mpaka kumveka kumsewu, iwo anali kuti?"