Amene Anatigwirira Tochi

Linali Lachitatu, cha m'ma 5 koloko madzulo, pamene ine ndi a Girizi tinatsegula injini ya boti la malemu bambo. A Girizi ndi makaniko wa zigayo. Dzinalo anawapatsa chifukwa ngakhale ku ukwati amapita zikhadabo zili bii. Boti anali asanakonzepo, koma wina kunalibe.

Mng'ono wanga anali atatha masiku awiri pamadzi. Anapita pa bwato kukavuula maukonde, mphepo n'kuyamba, osabweranso. Eni mabwato onse anakana kulowa m'mafunde amenewo. Limene likanatha linali boti lathu lokhalo, lomwe linakhala chimangire padoko zaka ziwiri, mbalame zikumangamo zisa.

A Girizi anasolola kachitsulo koyezera oilo. Oilo yense anali mbuu ngati tiyi wamkaka.

"Madzi analowa, gasiketi inapsa," anatero. "Bambo ako ankayendera injiniyi kapena ankaphikira?"

Sindinaseke.

Tinamasula zonse n'kuziyala pa thumba motsatana. Pisitoni imodzi inali itagwidwa ndi dzimbiri. Tinaithira palafini, n'kuigogoda ndi chipika pang'onopang'ono mpaka inalola. Gasiketi ina a Girizi anachita kukaichotsa pa injini ya chigayo chakufa.

Mkazi wa mng'ono wanga anabwera padoko, mwana ali kumsana.

"Alamu, ilira?"

"Ilira, mlamu. Pitani mukagoneke mwana."

Ndinanena ndi pakamwa pokha.

Pamene timamaliza kumanga n'kuti kutada kale, padoko patatsala awirife. Ndinazunguza hendulo yolizira injini. Zii. Ndinazunguzanso mpaka matuza a m'manja anaphulika. Zii.

"M'mapaipi a dizilo muli mpweya," anatero a Girizi. "Iwe uzizunguza, ine ndimasule nati mpaka thovu lithe."

Vuto linali tochi. Tikaiika pa thabwa, boti likagwedezeka inkagubuduka. A Girizi anayesa kuiluma, koma mano anatsala owerengeka. Kachitatu inagwera kumbuyo kwanga, m'botimo n'kuda bii.

Kenako kuwala kunadzuka. Kunadutsa pa phewa langa n'kuima pa nati penipenipo, osagwedera.

"Eya, pomwepo," anatero a Girizi, mutu uli mu injini.

Ndinapitiriza kuzunguza. Madzi anandidonthera pakhosi. Ozizira. Dontho lina. Linanso, n'kutsikira kumsana. Kunkanunkha matope a pansi pa madzi.

Boti limenelo munthu akapondamo limapendekeka, ngakhale mwana. Silinapendekeke.

A Girizi anasiya kumasula. Anali ndi sipanala ziwiri, dzanja lililonse yake.

"Manja ako onse ali pa hendulo?"

"Onse."

Anabwezera sipanala pa nati.

"Usasiye kuzunguza."

Thovu linatha pa nati yoyamba, injini osalirabe. Kuwala kuja kunasuntha kokha. Kunatsika mmunsi, kuseri kwa pampu, n'kuima pa kanati kena kobisika. Kanati kameneko kankaba mpweya kuyambira kale, ndipo bambo ankakakulunga ndi ulusi. Odziwa zimenezo tinalipo atatu. Bambo tinawaika m'manda. Ine ndinali nditaiwala. Wachitatuyo ndi mng'ono wanga, amene ankawagwirira tochi masiku onse.

Khosi langa linkafuna kutembenuka. Ndinaliumitsa. Ndinadziwa kuti ndikaona nkhopeyo, ndiye kuti injini tikuivutikirayi ikatenga mtembo. Ndinayang'ana hendulo basi, magazi akutsetsereka m'zala, ndikunena chamumtima kuti ayi, ndi wodutsa chabe, ndi mlonda wa padoko, ndi aliyense.

A Girizi anang'amba ulusi pa malaya awo, n'kukulunga kanatiko, n'kumanga.

Injini inatsokomola. Inatsokomolanso. Kenako inalira, utsi tolotolo, boti lonse kunjenjemera.

Tochi inagwa pansi. Nditaitola inali yonyowa, yozizira ngati nsomba. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Pa thabwa panali chithaphwi, koma mapazi olowa kapena otuluka panalibe.

"Munamuona?" ndinafunsa.

"Kuwala kunali m'maso," anatero a Girizi, akutola zitsulo zawo osandiyang'ana. "Tikupitabe?"

"Tikupita."

Tinanyamuka m'bandakucha. Tinafufuza masiku anayi, injini osazima ngakhale kamodzi. Sitinapeze bwato, sitinapeze nkhafi, ngakhale chidutswa cha ukonde.

Nkhani sigona, a Girizi anauza akazi awo. Pano padoko amanong'ona kuti mng'ono wanga anabwera kudzatsanzika. Ena amati ayi, munthu amene akufuna kupezeka ndiye amathandiza kukonza boti. Achibale anakhala pansi kuti tilire maliro ngakhale opanda mtembo. Mlamu wanga anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Alamu, mundiuze zoona. Nkhope munaiona?"

"Sindinatembenuke, mlamu."

Anamanganso mwana kumsana, mfundo n'kuilimbitsa.

"Ndiye kawauzeni azipita. Pano palibe maliro."