Sefa ya Nsomba za Asia

Asia amakhala ku Bangwe. Ali ndi nsomba zitatu mu thanki yagalasi. Yaing'ono kwambiri dzina lake ndi Kadontho. Asia amamukonda Kadontho.

Tsiku lina madzi a mu thanki anachita mbuu. Asia anadabwa. Kodi madzi atani?

Amalume ake, a Ignasio, amaweta nsomba. Iwo anasuzumira mu thanki.

"Apa pakufunika sefa ya siponji," anatero amalume. "Pampu yake imapopa mpweya. Siponji imagwira zinyalala. Madzi amayera."

Asia ndi amayi ake anakwera minibasi. Anapita ku Limbe. M'sitolo anapeza sefa yaing'ono, yapakati ndi yaikulu.

"Thanki yanu imalowa malita angati?" anafunsa wogulitsa.

Asia anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana Asia. Palibe amene ankadziwa.

Koma amayi a Asia timawadziwa. Iwo sagula chinthu chaching'ono. Yunifolomu ya Asia imafika m'akakolo. Nsapato zake zimavuka akamathamanga. "Udzakuliramo," amatero amayi.

"Tipatseni yaikuluyo," anatero amayi. "Nsomba zidzakula."

Atafika kunyumba anaika sefa ija m'madzi. Mayo! Siponji inadzaza theka la thanki. Madzi anali bwatabwata ngati phala likuwira. Nsomba zinakankhidwira uku ndi uku. Kadontho anabisala pakona.

M'mawa madzi anayera. Koma Kadontho sanadye. Tsiku lachiwiri sanadyenso. Asia anachita mantha. Kadontho akapanda kudya afa.

"Madzi akada, vuto," anatero Asia. "Madzi akayera, vutonso. Nanga nsombazi zikufuna chiyani?"

"Kaya, mwanawe," anatero amayi. "Mwina zikumva kuzizira. Mwina zakwiya. Kodi nsomba zimakwiya?"

Asia sanadziwe. Amayi nawonso sanadziwe. Onse anangogwira m'chiuno.

Asia anakhala pansi pafupi ndi thanki. Anayang'anitsitsa. Kadontho anayesa kusambira. Madzi anam'bweza. Anayesanso. Madzi anam'bwezanso.

"Amayi, sefayi yakulitsa," anatero Asia. "Kadontho watopa."

"Ndati nsomba zidzakula."

"Koma thanki sidzakula, Amayi."

Amayi anayang'ana thanki ija. Kenako anaseka.

"Ee, koma zoona! Ndiye malita aja tiwadziwa bwanji?"

Asia anaganiza. Anaganizanso. Kenako anathamangira kukhitchini. Anabwera ndi chigubu cha malita asanu.

"Podzaza thanki ndinathira zigubu zinayi," anatero. Anawerenga ndi zala. "Faifi, teni, fifitini, twente!"

Anakweranso minibasi. Anapitanso ku Limbe.

"Malita twente," anatero Asia asanafunsidwe.

"Basi, yanu ndi yaing'onoyi," anatero wogulitsa. Anawasinthira.

Amayi anaitembenuza uku ndi uku.

"Kakang'ono chonchi kagwira ntchito?"

"Kagwira, mayi. Mukaone."

Kunyumba anaika kasefa kaja m'madzi. Kanakhala phee pakona. Timathovu tinkakwera pang'onopang'ono. Madzi anadekha.

Asia anadikira. Amayi anadikira.

Kadontho anasuzumira. Anagwedeza kamchira. Anasambira mpaka pakati pa thanki. Madzi sanam'bweze.

Asia anawaza chakudya. Kadontho anakwera pamwamba. Anatsegula kakamwa kake.

"Wadya, Amayi! Kadontho wadya!"

Amayi anamukumbatira Asia. Asia anasangalala kwambiri.

"Sendera," anatero amayi. "Nane ndimuone bwino."